Jekete Imene Ndinasoka Ine

Ndiyamba ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga mpaka imvi izi, amenenso anagwira lilime langa pa tsiku limene ine ndinkafuna kulimasula. Ndikulemba ndili kwathu kwa Malemia, chifukwa adzukulu anga amva nkhaniyi kwa anthu ena ndipo akuyesa kuti agogo awo anali munthu wolimba mtima. Sizinali choncho. Sinditchula dzina la munthu aliyense. Ena anamwalira, ndipo ana awo timapemphera nawo limodzi.

Ndinali telala. Makina anga opondera ankakhala pakhonde la sitolo ina ku Songani. Masiku amenewo dziko linali la chipani chimodzi, ndipo munthu ankatha kusowa chifukwa cha pepala. Lachitatu lina m'mawa, nyengo ya chimanga chachiwisi, galimoto inaima patsogolo pa khondelo. Munatsika amuna awiri osavala yunifolomu. Wamkulu pa awiriwo anayala jekete yotuwa pamakina anga.

"A Telala, taonani bwino. Dzanja ili ndi la ndani?"

Sindinachite kuitembenuza. Mabowo a mabatani ndinkawasoka pamanja ndi ulusi wophatikiza, ndipo m'chigwa chonse cha Domasi panalibe wina wosoka choncho. Paphewa lamanzere ndinaikapo thonje lochulukirapo, chifukwa phewa limenelo la mwini wake linali lotsika.

"Ndinasoka ndine," ndinatero.

Anandiuza kuti munthu wina ankagawa makalata odzudzula boma. Atamuthamangitsa, anataya jeketeyo n'kulowa m'chimanga. Makalata ena anatsalira m'thumba.

"Mwini wake ndani?"

Telala wina aliyense akanati, ndimasokera anthu ambiri, ndaiwala. Akanabwerera pamakina ake tsiku lomwelo. Koma ine pa ubatizo ndinalonjeza kuti bodza ndalisiya, ndipo ndinkanyadira kwambiri lonjezo limenelo.

"Ndikumudziwa, bwana, koma sindimutchula."

Anayang'anana. Wamkuluyo anamwetulira monyodola.

"Fundirani makina, abusa. Mukatiuza kutsogoloku."

Mwini jekete anali mphunzitsi, mkulu wa mpingo wathu. Ndiyenera kulemba kuti sindinkamukonda. Chaka cham'mbuyo mwake, dzina langa litaperekedwa kuti ndizilalikira m'midzi, iye anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti munthu wa Sitandade 4 akhale pa singano, Mawu awasiyire ophunzira. Anthu anaseka, ndipo dzina langa linachotsedwa.

Ananditsekera m'chitokosi chodzaza anthu, ndowa ili pakona. Pambali panga panali bambo wina wachisilamu, wogulitsa nsomba zouma, amene anamangidwa chifukwa anakulungira usipa m'nyuzipepala yokhala ndi chithunzi cha mtsogoleri. Atamva nkhani yanga anagwira mutu.

"Achimwene, mukanangoti mwaiwala. Ine kasitomala ndimamuiwala asanafike n'kupamsewu komwe."

"Limenelo ndi bodza."

"Ndiye nenani zoona zonse, muzipita kwa ana."

"Amupha."

"Basi, mwadzisokera nokha thumba lopanda pakamwa. A Telala enieni."

Lachisanu anandiitana kuchipinda chofunsira. Bwana wofunsayo anali waulemu. Ankanditcha bambo, ndipo anandipatsa tiyi. Lolemba sanandipatse tiyi. Anandiuza kuti ndiyale manja patebulo.

"Telala amadyera zala izi, si choncho?"

Zimene zinachitika m'chipindamo sindilemba. Ndingonena kuti kuyambira tsiku limenelo sindinalowetsenso ulusi pa singano ndekha. Nditabwerera m'chitokosi, wogulitsa nsomba uja anang'amba mpendero wa malaya ake n'kundimanga zala chimodzichimodzi.

Tsiku loopsa silinali limenelo ayi. Linali Lachinayi la sabata yachitatu, pamene palibe amene anandikhudza. Bwana uja anakhala pansi n'kulankhula mofatsa ngati mlangizi.

"Bambo, amene mukumubisayu, kaya ndi ndani, wabwerako kudzakuonani? Akazi anu afika pageti kawiri, mwana ali kumsana, ndipo tawabweza. Atiuza kuti palibe munthu wawapondera pakhomo. Inu mukugona pasimenti, iye akugona pabedi. Kodi iyeyo akanakuchitirani zimenezi?"

Ndinadziwa kuti sakanachita. Ndinamvanso kuseka kwa pamsonkhano paja. Dzina lija linakwera mpaka palilime, ndipo linali lokoma. Chimene chinandiopsa ndi chimenecho. Patebulo paja ndinkamva ululu wokha, koma apa ndinamva kukoma. Ndinaona kuti ndikamutchula, ndidzauza anthu kuti ndinagonja chifukwa cha zala, pamene Mulungu adzadziwa kuti ndinamugulitsa chifukwa cha chidani. Petro anakana Mbuye wake ndi mantha. Ine ndinatsala pang'ono kupereka mbale wanga ndi chimwemwe.

"Ndikumudziwa, bwana, koma sindimutchula."

Bwanayo anaimirira. Anati, "Tionananso Lolemba."

M'chitokosi ndinalira. Mnzanga wa nsomba uja anadikira mpaka atamaliza pemphero lake la swala atayang'ana khoma, kenaka anasendera pafupi.

"Kodi munthuyu ndi mnzanu wapamtima?"

"Ayi. Ndimadana naye."



"Ndiye yambani kumupempherera lero. Mukapanda kutero, Lolemba mumutchula."

Ine amene ndinkafuna guwa ndinaphunzitsidwa Mawu ndi wogulitsa usipa wa chipembedzo china. Ndinayamba tsiku lomwelo. Poyamba pempherolo linali ngati kutafuna mchenga. Ndinkatchula mphunzitsiyo mumtima, ndi mkazi wake, ndi ana ake mmodzimmodzi, kuti Mulungu awabise. Lolemba linafika, ndi Lolemba lina, ndi ena ambiri. Yankho langa silinasinthe, ndipo pang'onopang'ono dzinalo linasiya kukoma palilime. Mnzanga anamutenga m'mawa wina kupita naye kwina. Sindinamuonenso.

Chimanga chinakololedwa n'kubzalidwanso ndili m'katimo. Lachiwiri lina mlonda anaitana dzina langa, nandipatsa nsapato zanga. Panalibe mlandu, panalibe kupepesa. Pageti anangoti, "Pitani, abusa. Ulendo uno muziiwalako."

Kunyumba ndinapeza mwana wathu akuyenda, ndipo anandithawa. Mkazi wanga anandiuza kuti mphunzitsi uja sanafikepo n'kamodzi komwe. Sanabwerenso ngakhale nditatuluka.

Tinakumana Lamulungu la Mgonero. Akulu a mpingo ankayenda m'mizere, ndipo mzere wanga unagwera iye. Ananditambasulira chikho. Ndinayesa kuchigwira, koma zala zanga zinakana, ndipo chinatsala pang'ono kugwa. Iye anayang'ana zalazo nthawi yaitali, anthu akudikira. Kenaka anagwada pansi pasimenti, nagwira chikho ndi manja ake awiri, nandimwetsa ngati mwana. Sananene kanthu za jekete ija, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka anamwalira. Ndinafufuza mumtima mwanga kuti ndipeze mkwiyo uja, ndipo sindinaupeze. Pamenepo ndi pamene ndinatuluka m'ndende.

Adzukulu anga, musanditche wolimba mtima. Ndinalowa m'chitokosi ndikunyadira kuti sindinama, osadziwa kuti munthu angathe kunena zoona zokhazokha n'kukhalabe wakupha mumtima. Chitokosi chinandionetsa chimene ndinali. Chimene ndinakhala pambuyo pake chinapangidwa ndi pemphero la tsiku ndi tsiku limene sindinkalifuna.

Lero mumalankhula momasuka m'minibasi ndi pamsika, ndipo ndimakondwa kukumvani. Ambuye akusungeni inu nonse owerenga izi. Asalole kuti mufike pa tebulo lotere. Koma mukadzafika, akupatseni mnzanu wokumangani zala, agwire lilime lanu, ndipo akutulutseni ndi mtima wopanda munthu womangidwamo. Amen.