Nthanga za ku Katete

Ndikukumbukira tsiku limene aphunzitsi athu, a Mwanza, analowa m'kalasi ndi nyuzipepala m'khwapa. Ndinali giredi sikisi pa sukulu ya kwathu ku Bundabunda. Patsamba lomaliza panali maina a ana ofuna anzawo olemberana nawo makalata, ndipo aphunzitsi anawadula ndi lezala n'kuwaika m'chipewa kuti aliyense atole. Anzanga anatola a ku Kitwe, a ku Ndola, wina mpaka wa ku Livingstone. Ine potambasula kapepala kanga ndinangoti kakasi: Tisauke, wa ku Katete. Katete! Komwe makolo anga anachokera ine ndisanabadwe. Ndinkafuna mnzanga wondisimbira za magetsi ndi sitima, osati woweta mbuzi ngati ine ndemwe.

Ndinafika kunyumba nditatupa masaya. Amayi ankapeta mtedza pakhonde, ndipo nditangotchula Katete, lichero linaima m'malere.

"Katete ya kuti? Umufunse mudzi wake, iwe. Umufunsenso ngati azimayi akali kuvina chitelele."

Umo ndi momwe zinayambira. Makalata ankabwera kudzera kusukulu, aphunzitsi akapita ku positi ku Chongwe, ndipo maina ankaitanidwa pamzere Lachisanu. Tisauke ankalemba za mvula, za kupalira, za mbuzi yake yomwe inaswa mapasa. Ine zinkandigwetsa ulesi, koma amayi, ayi ndithu! Kalata imodzi ndinkaiwerenga katatu, iwo ali phee, manja ali pachibwano. Mudzi wa Tisauke unali pafupi ndi kwawo kwa amayi, choncho mafunso sankatha. Kodi mkuyu wa pachitsime ulipobe? Nanga masuku akugulitsabe m'mbali mwa msewu? Makolo awo anali atamwalira kale, ndipo ulendo wopita kwawo unkangolephereka chaka ndi chaka, lero munda, mawa mwana wadwala.

Tsiku lina mnzanga Beatrice anandionetsa chithunzi chomwe anachilandira kuchokera ku Kitwe, mtsikana atatsamira galimoto. Nsanje inandipweteka. Madzulo ake ndinawauza amayi mosapita m'mbali.

"Ine nalema, amama. Makalata aya ni anu, si anga."

Sanandikalipire. Anangoti, "Chabwino, mwana wanga. Ubwenzi sakakamiza," n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Kalata yomaliza ya Tisauke inakhala pawindo osayankhidwa mpaka inachita fumbi. Lachisanu amayi analeka kundifunsa kuti "Yabwera?" ndipo ine ndinkaona ngati ndapumula.

Masana ena tinaweruka msanga. Ndinawapeza amayi pansi pa mtengo wa mango, ataika pepala long'amba m'kope langa pabondo, pensulo ataigwira ngati mthiko. Sukulu iwo anailekeza giredi thu. Papepalapo panali liwu limodzi lokha, Tisa, zilembo zake zopendekeka, ndipo pansi pake anali atafufuta ndi malovu mpaka pepala kubooka. Atandiona anachita manyazi ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga.

"Nifuna chabe nimuuze kuti tili bwino," anatero motsitsa mawu. "Mwana wa eni angayese kuti anatilakwira."

Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinakhala pansi pambali pawo, yunifolomu ili m'thupi, n'kutenga pensulo ija. Tsiku limenelo tinadzaza masamba awiri, ndipo kumapeto ndinalemba momwe zinalili, kuti kalatayi ndi ya anthu awiri, ine ndi amayi anga amene asowa kwawo.

Yankho linabwera mu envulopu yotupa. M'kati munali nthanga za maungu zokulunga m'kapepala, zochokera m'munda wa azakhali ake a Tisauke. Amayi anazinunkhiza kaye, kenako anazibisa m'kachitini kudikira mvula. Anazibzala pachulu cha kuseri kwa nyumba, ndipo nkhuku ikangoyandikirapo inkaona zakuda. Maungu oyamba atakhwima anagawira aliyense wa m'dera lathu wochokera kum'mawa, uku akuti, "Lawani za kwathu."

Ine ndi Tisauke tinalemberana mpaka tonse tinakwatiwa, kenaka mafoni anabwera n'kuthetsa makalata. Maso ndi maso tinali tisanaonanepo. Koma amayi atamwalira, pa tsiku loika maliro, kunatulukira mayi wina wachilendo kuchokera kumsewu, fumbi lili mbuu m'miyendo, akulira mokweza kuti, "Amama ine! Amama anga!" Anthu anayang'anana, kufunsana kuti mwana ameneyu ndi wa kuti. Ine sindinafunse, ndinadziwa kuti ndi Tisauke. Ndinanyamuka n'kukamukumbatira.

Pa ubwana ndinkayesa kuti kalata yabwino ndi yochokera kutali kumene sindinafikeko. Sindinkadziwa kuti m'nyumba mwathu momwemo munali munthu amene kutali kwake kunali kwawo. Amayi sanapondenso ku Katete, koma Katete inawapeza pachulu paja. Maungu aja ndimabzalabe. Chaka chino, pochotsa nthanga, ndinapatula zodzaza dzanja, ndinagula envulopu ku Chongwe, ndipo kwa nthawi yoyamba patapita zaka zambiri ndinakhala pansi pa mango uja n'kulemba kuti, "Wokondedwa Tisa, kuno tili bwino."