Mdala wa Timitengo Topingasa

Mdala woyandikana nafe kuno ku Mandimba sasiyanitsa njoka ndi bomba lokwirira pansi. Tisanabwerere kuchokera ku Malawi anamva phunziro la mabomba ku kampu ya othawa nkhondo, ndipo mpaka lero m'mutu mwawo muli lomwelo. Amayenda ngati nkhuku yoponda phulusa lamoto, maso pansi, nsanza yofiira m'thumba. Mawu awo ndi amodzi: "Ima, bwerera m'mapazi ako, ika chizindikiro." Ngakhale mbuzi zawo amazikalipira choncho.

Tsiku lina ndikuponda dothi lomatira nyumba yathu yatsopano, ndinaona mphiri itadzipinda pafupi ndi mphasa imene ndinakhazikapo mwana wanga Judite. Ndinatola mpini uku ndikukuwa.

"Ima, mwanawe!" anatero mdala. "Ukaiphonya, iphulikira mwana."

Ananyang'ama, nakoka mphasa pang'onopang'ono, mwana ali pomwepo akuyamwa chala, mpaka inafika pamapazi panga. Ndinamunyamula msangamsanga.

"Tsopano ipheni, agogo!"

"Bomba sachotsa munthu wamba," anayankha. Anazika timitengo tiwiri topingasa, namangapo nsanza ija, napita kukaitana anyamata. Pobwera, mphiri inali itapita kalekale.

Timitengoto tilipobe. Mdala salola munthu kupondapo, ndipo mudzi wonse umalambalala. Ine Judite ndimamubereka pa nsalu ya kapulana tsiku lonse, maso ali ponseponse, chifukwa pabwalo langa lonse, malo okhawo amene ndikudziwa kuti palibe njoka ndi pa chizindikiro cha mdala.