Kochi Woimbira Foni Amayi a Anthu

A Vernon Stidham anaphunzitsa basiketibolo pa koleji ina yaing'ono ya kumapiri a Kentucky mpaka imvi zinati mbuu, ndipo anthu kumeneko ankawalemekeza kuposa abusa. Koma mbiri yawo sanaipangire pabwalo pokha. Anaipangira m'makhitchini a amayi a anthu. Akamva kuti kwinakwake kuli mnyamata wamtali wodziwa kuponya mpira, ankayendetsa galimoto yawo yakale mpaka pakhomo, n'kukhala patebulo, n'kudya chilichonse chimene apatsidwa, ngakhale nyemba zopserera. Potsanzika ankagwira dzanja la mayiyo n'kunena kuti, "Mayi, ndipatseni mwanayu. Akalakwa mudzamva kwa ine musanamve kwa wina."

Sankanama. Mnyamata akajomba m'kalasi kapena akachedwa kokonzekera masewera, ankayamba ndi kumuthamangitsa pabwalo uku ndi uku mpaka asanze. Akapanda kumva, ankatenga foni. Zimphona zogunda mutu pachitseko zinkalira misozi zikamva kuti Kochi aimbira amayi kunyumba. A Stidham ankawanyadira mankhwala amenewa, ndipo kunena zoona ankagwira ntchito.

Iwo ndi akazi awo a Marlene sanapatsidwe mphatso ya mwana. Lamlungu lililonse timu yonse inkadya kwawo nkhuku yokazinga ndi chigumu, koma amene ankatsalira mpaka mbale zitatsukidwa anali mmodzi: Cedric Maybank, wa m'tauni ya migodi ya malasha, amene bambo ake anafa ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi. Mayi ake, a Odessa, anamupereka m'manja mwa a Stidham akugwetsa misozi. Cedric atamaliza koleji anatengedwa ndi ligi yaikulu, kumene anthu amasewera molipidwa, koma pa Khirisimasi sankaiwala kuimba foni. A Stidham sankamutchula kuti mwana wanga pagulu. Mumtima ndi mmene zinalili.

Patapita zaka, timu ya Cedric mumzinda wina waukulu wa kumpoto inayamba kugonja mochititsa manyazi. Cedric, amene tsopano anali kaputeni ndiponso bambo wa ana akeake, anakauza mwini timu kuti kumapiri kuli munthu wodziwa mpira. Posakhalitsa a Stidham anaitanidwa kuti akaphunzitse timuyo.

"Vernon, kumeneko kulibe ana," anatero a Marlene akuwapindira malaya. "Kuli abambo a ndevu zawo. Enawo atha kukulembani ntchito yotchetcha kapinga kunyumba kwawo."

"Mpira ndi womwewo, Marlene. Mwana wandiitana, ndiye ndimukanire?"

Anapita, wezulo yawo yakale ili m'khosi. Tsiku loyamba lomwe anailiza n'kukuwa kuti, "Ana inu, pamzere!" Amuna aja anangoyang'anizana. Wina wa mawondo okulungidwa mabandeji anafunsa mnzake mokweza, "Aise, agogowa akuitana ana, abwera ndi zidzukulu zawo kapena?" Holo yonse inafa ndi phwete kupatula Cedric, amene anakaima pamzere yekha mpaka anzake anamutsatira pomuchitira ulemu iyeyo.

Ligi yaikulu inali dziko lina. Kukoleji a Stidham ankakhala ndi masiku ophunzitsa modekha. Kuno lero musewera, mawa muli m'ndege, mkuja musewera kwina. Kukoleji mnyamata wamwano ankakhala pabenchi mpaka nzeru zibwerere. Kuno ukamukhazika pabenchi, mwini timu amatsika kudzafunsa chifukwa chimene ndalama zake zakhalira pansi. Timu inapitiriza kugonja, manyuzipepala n'kuyamba kulemba kuti mkulu wa kumapiriyu abwerere kwawo. Kuchotsedwa ntchito sikunkawaopsa kwambiri a Stidham. Chimene chinkawadya mumtima chinali choti Cedric adzanong'oneza bondo kuti anawaitaniranji.

Ndiye Cedric yemweyo anayamba kuchedwa. Masiku ena ankafika kokonzekera anzake atanyowa kale thukuta, maso ali psuu. A Stidham zinawapweteka koopsa, poti munthu yekhayo amene ankamudalira ndi amene ankawavula pagulu. Moyo wawo wonse anali asanazolowere kufunsa wosewera kuti chavuta n'chiyani. Iwo ankadziwa kulamula basi.

"Maybank, pamzere! Uthamange mpaka ine nditope kukuonerera."

"Kochi, chonde tikakambirane kuofesi."

"Ndati pamzere, iwe!"

"Pepani, Kochi. Lero ayi." Cedric anatola mpira n'kuyamba kuponya ngati palibe chachitika, anzake akubisa kuseka.

Masana omwewo a Stidham anatseka chitseko cha ofesi n'kuchita chimene chinali chisanawagwiritsepo mwala. Nambala ya a Odessa anali nayobe. Anamva ndithu kuti mawu a mayiyo ndi ofooka, koma anangoti ndi ukalamba.

"Mayi, ndinalonjeza kuti mudzamva kwa ine. Mwana wanu akumachedwa kuntchito, ndipo wayamba mwano. Akapitiriza chonchi, anzake asiya kumumvera, mwini timu amugulitsa."



"Iyeyu amandiuza kuti m'mawa sakhala ndi zochita," anatero a Odessa chapansipansi. "Ndamva, Kochi. Zikomo pondiuza. Sadzachedwanso."

Ndipo sanachedwenso. Ankafika woyamba, kusewera ngati wakwiyira dziko lonse, osayankhula ndi munthu. Timu inapambana masewera angapo motsatizana, a Stidham n'kumauza akazi awo monyada kuti waona, ndevu sizichotsa mantha a amayi. A Marlene sanaseke nawo.

Chisanu chili pachimake, Cedric analowa muofesi osagogoda, atavala jekete yakuda. Anakana mpando.

"Amayi amwalira dzulo, kwathu kumapiri."

"Ambuye! Kodi ankadwala?"

"Impso. Ndinawatenga chaka chatha kudzakhala nane kuno kuti azisefedwa magazi kuchipatala chapafupi. M'mawa muja ndinkachedwa ndinkakhala nawo pamakina, chifukwa okha ankaopa. Inu mutaimba foni, analongedza tsiku lomwelo. Akuti iwo sangachotsetse mwana wawo ntchito. Ndinagwada pansi, anakana. Anabwerera kwa ang'ono awo, kumene chipatala chili kuseri kwa mapiri. Chipale chofewa chikagwa n'kutseka msewu ankangokhala osapita kuchipatalako, osandiuza."

A Stidham anadzuka pampando. "Cedric, mwana wanga, ine sindinkadziwa. Bwanji sunandiuze?"

"Ndinakupemphani kuti tikakambirane kuofesi."

Anatuluka, chitseko n'kuchisiya chosatseka.

A Stidham anapita kumaliro. Anaima kumbuyo m'katchalitchi ka anthu a m'migodi, pafupi ndi nyumba ija anadyamo nyemba tsiku limene anapatsidwa mnyamatayo. Potuluka, Cedric anawagwira chanza ngati wina aliyense. "Zikomo pobwera, bambo Stidham," anatero, n'kupitirira kwa munthu wotsatira.

Nyengo ya mpira isanathe a Stidham anachotsedwa ntchito. Manyuzipepala analemba kuti makochi a kukoleji ligi yaikulu sangaithe, ena akuti chifukwa sadziwa kusintha osewera, ena akuti chifukwa amakuwa kwambiri.  A Stidham atabwerera ku Kentucky anapeza mpando wawo wakale utatengedwa ndi wachiwiri wawo, ndipo sanaupemphe. Ku sitolo anthu amawaitanabe kuti Kochi, iwo amangogwedeza mutu n'kufulumira kutuluka. Mkangano wa makochi a kukoleji ukayamba pa wailesi, a Marlene amadzuka n'kukaizimitsa. Wezulo ija ili m'kabati ya m'khitchini pamodzi ndi mabatire akutha.

Pa Khirisimasi a Stidham amavala malaya abwino n'kukhala pafupi ndi foni kuyambira m'mawa. A Marlene amawabweretsera chakudya pomwepo, chifukwa akawaitanira kutebulo amakana, amati mwina ilira iwo ali kutali.