Bawo la Achimwene ku Wanki

Kalata ya alamu inandipeza Lachitatu ku Bulawayo, kumene ndinkasoka zovala. Inali yaifupi: "Achimwene anu sakutulukanso m'nyumba. Akuti moyo atopa nawo." Loweruka m'mawa ndinagula tikiti yotsika mtengo, nkukwera sitima ya ku Wanki, nditanyamula shuga, mabanzi ndi mantha.

Achimwene Yohane ndiwo anandilera. Anali kapitawo pansi pa mgodi mpaka manja atayamba kunjenjemera. Adokotala anati ndi matenda a Pakinisoni, ndipo ntchito inathera pomwepo.

Mabenchi a sitimayo anawapanga ngati chilango. Pofika masana ndinali nditakhalira mbali zonse za thupi. Titaima pa siteshoni ya Dete ndinagula tiyi ndi mbatata, ndipo ndinagawirako bambo wina wa kwathu ku Ntcheu, a Chimbalanga, amene ankabwerera kumgodi. Nditatchula dzina la achimwene anawomba m'manja.

"A Yohane a bawo! Pa komboni ya Madumabisa panalibe wowagonjetsa."

"Mumasewera nawobe?"

Anayang'ana pawindo. "Tinasiya, bwanawe. Tsiku lina dzanja lawo linagwedezeka, nkhomo zonse zinamwazika pansi, ana nkuseka. Tinati tisawachititse manyazi munthu wamkulu. Bawo tinalisamutsira kuseri kwa sitolo."

Ndinakwiya, koma mbatata yanga anali atadya kale.

Tinafika dzuwa litapendeka. Wanki anatilandira ndi kutentha ndi fumbi la malasha, kotero shati yanga yoyera inangokhala mbiri. Tinayenda wapansi mpaka ku nyumba za kampani. Alamu anandifotokozera pakhomo monong'ona kuti achimwene tulo sagona bwino, kutchalitchi anasiya chifukwa wina anawayesa woledzera, ndipo chakudya amawapatsira kuchipinda kuti alendo asaone akutaya. Aliyense ankawateteza, ndipo aliyense anali atawasiya okha.

Ndinawapeza atakhala pabedi, nkhope ili duu, dzanja likugwedezeka pabondo.

"Wabwera kudzaona mtembo, Samisoni?"

"Ndabwera kudzasewera bawo, achimwene."

Ndinatuma uthenga kwa a Chimbalanga, ndipo anabwera ndi bawolo akuchita manyazi. Tinaliika pakhonde, penipeni pa windo la achimwene. Achimwene anakana kutuluka. Ine bawo sindilidziwa, ndipo m'mudzi mwathu monse amadziwa zimenezo. Ndinasewera choncho, ndikutchula mokweza dzenje lililonse limene ndagwira. A Chimbalanga anandidya kawiri.

Kachitatu tinamva mapazi akukhwekhwereza. Achimwene anaima pachitseko atagwira mphuthu.

"Wapusa iwe. Siya dzenje limenelo. Tenga lachitatu, upite kumanzere."

Ndinamvera. Iwo ankanena, ine nkumaponya nkhomo. Posakhalitsa anali atakhala pampando, amuna ena atatu atatizungulira, ndipo a Chimbalanga akutuluka thukuta. A Chimbalanga atagonja, achimwene anafuna tiyi pomwepo pakhonde. Theka linatayikira pa buluku, ndipo palibe anayang'ana kumbali.

Matenda sanachoke, ndipo masiku amdima ankabwerabe. Koma ndinabwerera Lolemba nditaphunzira kuti ulemu wathu unawavulaza kuposa kunjenjemera. Pondiperekeza, a Chimbalanga analonjeza kuti bawo likhala pakhondepo, ndipo azisinthana ndi anzawo kukhala dzanja la achimwene. Achimwene anamva ali pampando wawo.

"Aliyense abwere," anatero, "bola asakhale Samisoni."