Futali Wosungira Bambo

Tinali pakhonde tikuswa mtedza. Unali mwezi wa Juni, kumudzi kwathu kutsidya kwa malire, ku Mozambiki. Ine Luziya ndinali woyamba kubadwa, msinkhu woti munsi ndinkautha. Mlongo wanga Zuze anali atangosiya kuyamwa.

Mfuti inalira kumunsi kwa dambo. Nkhuku zinathawa ife tisanadzuke. Kenako mfuti zinalira zambiri, ndipo utsi unakwera kumudzi woyandikana nafe.

Bambo anati titsogole. Ankafuna akatsegule khola kuti ng'ombe zisapsere momwemo. "Ndikupezani," anatero kwa amayi. Amayi anabereka Zuze, anamanga mtedza wa m'lichero pachitenje n'kundisenzetsa.

Tinayenda m'tchire, kupewa njira. Moto sitinkakoleza chifukwa utsi umaulula. Amayi ankatafuna mtedza wauwisi n'kumamudyetsa Zuze kuti asalire. Mame a m'mawa ankaluma mapazi. Chala changa chakuphazi chinang'ambika, koma ndinachiona titafika kale.

Tinatulukira kwa Mlonyeni ku Mchinji, kuseri kwa chigafa cha fodya. Mwini wake anali a Nankhoma, mayi wamfupi wa mawu aakulu. Sanatifunse zambiri. Anayang'ana milomo ya Zuze, yotuwa ndi chisanu, n'kutenga khasu kukakumba mbatata. Khitchini yawo inakhala nyumba yathu.

Madzulo omwewo amayi anaphika futali. Mbatata ankazisenda mopyapyala, kuzidula zikuluzikulu, madzi pang'ono ndi kamchere. Zikafewa ankawaza nsinjiro pamwamba n'kuvundikira, osatakasa. Ukafikira mthiko msanga, ankakumenya padzanja. Chisanu cha ku Mchinji chimalowa mpaka m'mafupa, koma fungo lija likadzaza khitchini tinkaiwala kuti tilibe bulangete. Madzulo amenewo ndinkawakonda, ndipo ndimawasowa mpaka lero.

Kasinjidwe ka amayi n'kamene kanadabwitsa anthu. Kwathu tinali titazolowera kupotoza munsi mumtondo osaugunda, chifukwa mtondo umamveka kutali ndipo unkauza asilikali kuti pamudzi pali chakudya. A Nankhoma anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Amake Luziya, mukusinja kapena mukusisita mwana? Gundani, kuno akumva ndi agalu okha."

Amayi anaseka, koyamba chithawireni. Koma sanagunde.

Pogawa ankayamba ndi mbale ya bambo, monga ankachitira kwathu bambo akachedwa kumunda. Ankasankha mbatata zonona, nsinjiro yambiri. Ankavundikira ndi mbale ina n'kuiika pafupi ndi mafuwa. "Afika ndi chisanu," ankatero.

M'mawa mbale ija inkasanduka mkute wathu. Zuze ankadzuka woyamba kukaisuzumira. Tsiku lina anafunsa ngati bambo achedwenso mawa. Amayi anamutsina tsaya pang'ono, n'kumupatsa yonse yekha.

Chisanu chinapita, mvula inagwa, chisanu chinabweranso. Nkhondo inali itatha. Amuna apamudzi ankangokamba za ndale za matipate, ndipo anzathu ambiri ankamanga katundu kubwerera kwawo. Amayi anakana kusuntha. Ankaopa kuti tingasemphane ndi bambo panjira.

Ankagwira ganyu m'munda mwa a Nankhoma n'kumalandira mbatata ndi mtedza. Mbale ija sinaphonye ngakhale tsiku lophika zochepa. A Nankhoma ankadandaula kuti mwamuna wosaonekayu akudya bwino kuposa amuna awo, koma mbatata zonona ankatisankhira ndi iwo omwe.

Madzulo ena kunafika munthu panjinga. Ndinamuzindikira, ankalima moyandikana nafe kwathu. Sanalowe m'nyumba. Anakhala ndi amayi pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili pabondo, ndipo a Nankhoma anakhala nawo atagwira amayi dzanja. Ine anandiuza kuti ndiyang'anire mphika.

Nsinjiro ndinawaza ndekha tsiku limenelo. Sindinatakase.

A Nankhoma anatengera mlendo kunyumba kwawo. Amayi analowa, anasamba m'manja, anagwada pamafuwa. Mbale ya bambo anaidzaza monga mwa masiku onse, koma sanaivundikire. Anaiika pakati pa ine ndi Zuze ikadali yotentha.

"Idyani, ana anga, isazizire."

Zuze anadya mpaka kunyambita zala, akusangalala kuti lero sadikira m'mawa. Ine ndinali wamkulu, ndinadziwa. Ndinadya ndithu, chifukwa amayi ankandiyang'ana.

Anadikira mpaka Zuze atakhuta. Maliro a bambo tinayamba kulira mbale zitatsukidwa.