Edina Anakana Yekha

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko n'kudzuka, poti tulo ta pampando pasiwa si tulo. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo za usiku wonse. Kuseri ena ankasonkha moto, mwera ukuwabwezera utsi m'maso. Ine mtima unali m'mwamba.

Tinkaika Edina, mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa fomu 3. Monga malume wake, ndine ndinayenera kuimirira pamwambo n'kulongosola matenda. Kuno ku Mangochi mawu ake ngodziwika: tinathamanga naye, madokotala anayesetsa, Mulungu watenga. Koma sizinayende choncho. Khansa itafalikira, ku Blantyre anati mankhwala otsala ngongowonjezera masiku. Edina anakana. Anati watopa kusanza, akufuna kukafera kwawo. Kenako anandigwira dzanja, amvekere, "Anjomba, tsikulo mudzanene kuti ndakana ndine. Asadzawanene amayi."

Kuwanenako kunali kutayamba kale. Alamu anga, bambo ake a Edina, ndi msilikali, ndipo nthawi yonseyo anali kunja pa ntchito. Anafika pa lole pamodzi ndi abale awo a ku Dedza dzuwa litakwera, moni wake wozizira. Ndinamva mayi wina akunong'ona kuti mkaziyu anatulutsa mwana m'chipatala mwamuna kulibe. Mlongo wanga anamvanso. Ukwati wake ndinauona ukulowa m'manda pamodzi ndi bokosi.

Komatu kunena zoonako, ha! Ine ndi imvi zangazi, kuvomera pagulu kuti tinamvera mwana? Ndinkaopa, sindibisa.

Anthu anadzaza mpaka pansi pa mlambe. Asodzi analipo, anzake a Edina a kusukulu atakhala pamchenga m'mayunifomu awo. Atandiitana, ndinaimirira. Ndinayamba ndi mawu ozolowereka aja, pakati ndinaima, kenako ndinangoti, "Edina anakana yekha. Tinamuchonderera, iye anatichonderera kuposa. Tinamumvera."

Mkulu wawo wa alamu anga anayankhula mosabisa mawu, "Mwana anayamba liti kulamula?"

Ana asukulu aja anaimirira, onse. Aphunzitsi anawakodola kuti akhale, koma ayi ndithu. Mtsikana wina anati, "Pepani akuluakulu. Ife anatiuza. Ululu ankaumva ndi iyeyo. Ifenso tikanakonda kufunsidwa."

Wansembe anayambitsa nyimbo msangamsanga, tinanyamuka. Anyamata a kalasi ya Edina analandirana bokosi ndi adzukulu njira yonse, fumbi lili koboo. Kumanda alamu anga anaika nkhata osayang'ana mkazi wawo, ndipo mantha anga anangowonjezeka.

Madzulo lole ija inapita, koma alamu anga anatsala. Panyumba panali bata, mipando itasanjikizidwa, mlongo wanga atagona pamkeka m'chipinda cha mwana. Alamu anandipeza pakhonde.

"Ana asukulu ankadziwa. Inu munkadziwa. Nanga ine bambo wake, tinkayankhulana pafoni, bwanji sanandiuze?"

"Anati mukanalira, alamu. Ndipo akanamva inu mukulira, akanabwerera kuchipatala chifukwa cha inu."

Alamu anavula nsapato, nalowa m'chipinda momwe munali mkazi wawo, ndipo ndinamva akulira awiri.