Mbusa Amene Anadikira Tsiku la Dimitri Woyera

Ku Lipov Dol kuno anthu anatha kalekale. Kunatsala nkhalamba, agalu ndi miseche. Achinyamata onse anathawira kunja kukathyola malalanje a eni ake. Koma nkhosa zinalipo ndithu: uyu zisanu, uyu zitatu, a Tsveta amasiye imodzi yokha yotsimphina, imene ankaikonda kuposa malemu amuna awo. Zonsezi akaziphatikiza zinkapanga gulu limodzi, ndipo woziweta anali Stamen.

Stamen sanali wantchito wa munthu. Ankati ndi bwana payekha, ngakhale ubwana wakewo unali ndodo, agalu awiri, ndi tonde wokalamba wovala belu lalikulu amene ankatsogolera nkhosa. Chaka ndi chaka ankapangana ndi eni ziweto monga ankachitira makolo. Tsiku la Georgi Woyera, m'mwezi wa Meyi, amawotcha mwanawankhosa pabwalo la tchalitchi, mbusa ndi eni ake n'kugwirana chanza, basi nkhani yatha. Mbusa amakwera kuphiri ndi gulu lonse, ndipo amadzalitsitsa tsiku la Dimitri Woyera, kumapeto kwa Okutobala. Pakati pa oyera awiriwa mbusa sachoka, kaya adwale, kaya aferedwe. Bambo ake a Stamen anaika mkazi wawo m'manda m'mawa, masana ali kale kuphiri. Stamen ankaifotokoza nkhani imeneyi monyadira ngati mendulo. Amayi akewo akanafunsidwa, kaya akanati chiyani.

Nayenso mkazi wa Stamen anamwalira. Mwana anali naye mmodzi, Nevena, amene anakwatiwa ku Spain, ndipo ankakhala m'kanyumba kothina pamodzi ndi mwamuna, apongozi ndi kamwana kawo kakakazi, Alba. Mdzukulu ameneyu Stamen anali asanamunyamulepo. Ankangomuonera pafoni, atakwera pathanthwe lina pamene netiweki imagwira mphepo ikakhala bwino. Kamwanako sikankadziwa chinenero chathu. Kakamuona kankangoloza n'kufuula mawu amene Nevena ankati akutanthauza "munthu wa nkhosa". Stamen ankaseka, koma akatsika pathanthwepo ankakalipira agalu popanda chifukwa.

Tsono mu Ogasiti, ali pathanthwe lija, foni inalira.

"Ababa, mvetserani bwino, musandidule mawu," anatero Nevena. "Kuli mlimi pafupi ndi kwathu kuno, nkhosa zake ndi zosawerengeka, mbusa wake wathawa. Akufuna munthu mwezi uno usanathe. Ntchito ya chaka chonse, nyumba yanuyanu yokhala ndi madzi otentha. Alba azibwera kwa inu Lamlungu lililonse."

"Mwezi uno? Mwana iwe, Dimitri Woyera akadali kutali."

"Dimitri Woyerayo ndi amene adzakusungeni mukadzakalamba? Kwathu kuno mulibe malo, mukudziwa. Popanda nyumba ya mlimiyu simungabwere. Ababa, mwayi ngati uwu sugogoda kawiri."

Masiku otsatira Stamen ankayenda ngati wolodzedwa. Ankayang'ana nkhosa, n'kuona Alba. Ankaganiza za Alba, n'kumva belu la tonde. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Mpaka anayamba kuyeserera kupereka moni wa Chisipanishi kwa agalu, agaluwo n'kumangomuyang'ana mwachisoni.

Tsiku lokatenga mchere ndi buledi anatsikira kusitolo kwa a Trifon. A Trifon ndi amene anali ndi nkhosa zambiri, ndiponso pakamwa papakulu, choncho ndiwo ankayankhulira eni ziweto onse. M'sitolomo munali nkhalamba zingapo zikumwa kachasu wathu wa rakiya, ndi a Tsveta akusankha sopo. Stamen anavula chipewa, n'kufotokoza zonse. Anati sakuthawa ayi, akungopempha kuti amumasule.

"Ee, tamverani achimwene athu a ku Spain!" anaseka a Trifon. "Kodi nkhosa zakumeneko zimalira Chisipanishi? Mukazimva?"

"Sindikuseka, a Trifon. Ndi nkhani ya mdzukulu wanga."

"Nanga dzanja lija munandipatsa patchalitchi linali la mdzukulu? Munadya nyama yathu, mafuta mpaka m'ndevu. Lero mukuti chiyani? Bambo anu ali kumandako akumva zimenezi?"

"Bambo ake anali mwamuna uja," anathirira ndemanga mdala wina amene moyo wake wonse sanawetepo ngakhale bakha.

Stamen anacheukira a Tsveta, poti iwo ankamupatsa tchizi ndi mawu abwino. Koma a Tsveta anangoti maso pa sopo, ngati pasopopo palembedwa uthenga wabwino.

"Mukachoka, nkhosazi aziweta ndani?" anapitiriza a Trifon, tsopano mofatsa, dzanja lili paphewa la Stamen. "Ife miyendo inatha. Mudzi wopanda nkhosa ndi manda, achimwene. Mukufuna mutiike m'manda ndinu?"

Mawu amenewa ndi amene anamumaliza. Anasenza mchere wake n'kubwerera kuphiri, ndipo asanamwe n'madzi omwe anakwera pathanthwe lija.

"Umuuze mlimiyo adikire mpaka Okutobala, mwana wanga."

"Sangadikire, ababa. Nkhosa sizidya malonjezo."

"Ndinagwira chanza."

 Nevena anati, "Agogo aakazi anaikidwa mothamanga chifukwa cha nkhosa za eni. Amayi anadwala okha m'nyumba chifukwa cha nkhosa za eni. Ndimayesa Alba yekha apulumuka." Foni n'kudula.

Ntchito ija mlimi anaipatsa munthu wina sabata yomweyo. Stamen, pofuna kuiwala, anaziweta nkhosazo ngati wamisala. Ankazitengera kumsipu wakutali kumene mawondo ake ankakana, ankazisankhira madzi, yotsimphina ya a Tsveta ankaisenza pamapewa powoloka mtsinje. Pofika Okutobala zinali zitanenepa moti zinkayenda mogwedeza matako ngati akazi a abwanamkubwa.

Tsiku la Dimitri Woyera anameta ndevu, anapukuta mabelu ake onse n'kuveka nkhosa zotsogola, tonde patsogolo, n'kutsika phiri monyadira, mabelu ali ngwengwengwe kuti mudzi wonse umve. Atafika pabwalo la tchalitchi anapeza lole yaikulu yamatabwa m'mbali, sikelo ili pansi, ndi munthu wachilendo wonenepa akusuta fodya ndi a Trifon.

"Mwagwira ntchito, achimwene!" anafuula a Trifon. "Taonani mafutawo! Ziloleni zikwere pasikelo."

"Sikelo ya chiyani?"

"Aa, zaka zatha izi. Takalamba. Tagulitsa zonse."

Stamen anayang'ana sikelo, n'kuyang'ananso nkhosa. Anali a Tsveta amene anamukokera kuseri kwa tchalitchi, misozi ili chuchuchu, mphuno akupukutira mpango.

"Tinagwirizana ndi wogulayu mu Julayi, Stamen. Amagula poyeza kulemera. A Trifon anati tikakuuza uchoka, nkhosa zikhala zowonda."

"Mu Julayi? Ndiye tsiku lija kusitolo munkadziwa?"

"Tonse tinkadziwa."

"Inunso, mayi?"

"Denga langa likudontha, mwana wanga. Ndikanatani?"

Sanatukwane munthu. Ena tikanakonda akanatukwana, nkhani ikanakoma kufotokoza. Anangolowa pakati pa nkhosazo n'kuyamba kumasula mabelu ake limodzilimodzi, poti mabelu ndi a mbusa, si a mwini ziweto. Nkhosa zinakana kukwera lole. Anazikankha, anazimenya, osatheka. Wogula uja n'kunena kuti, "Bambo, tatithandizani ndi tonde wanuyo." Ndipo Stamen, poti dzuwa la Dimitri Woyera linali lisanalowe ndipo pangano linali lisanathe, anagwira tonde wake panyanga n'kukwera naye pathabwa. Nkhosa zonse zinalondola belu mwaulemu, yotsimphina ija pambuyo. Atatsika ndi tonde wake anatseka chitseko cha lole.

Meyi wotsatira patchalitchi sanawotche kanthu. Stamen masiku ano amakhala pakhonde, tonde ali pambali, awiriwo akutafuna ngati madala opuma pantchito. Buledi amagulabe kwa a Trifon, poti sitolo ndi yomweyo. Nevena anakhululuka pang'ono, amaimba foni Lamlungu lina, lina ayi. Akuti nyumba ya mlimi ija ili ndi mtengo wa mkuyu pakhomo, ndipo Alba amapita kukasewera ndi ana a mbusa watsopanoyo.

Tsiku lina Stamen anakwera pathanthwe ndi tonde wake, n'kuliza belu pafupi ndi foni kuti mdzukulu aseke. Kamwanako kanayang'anitsitsa, n'kufunsa kanthu kwa amake.

"Akuti chiyani?" anafunsa Stamen.

Nevena anati, "Akufunsa kuti nkhosa zili kuti."

"Umuuze kuti zinapita paulendo."

"Akufunsanso kuti, ngati mulibe nkhosa, azikutchulani ndani?"

Stamen anatsegula pakamwa kuti amuphunzitse mawu akuti agogo. Mphepo inatembenuka, netiweki n'kuthawa. Anakhalabe pathanthwepo foni ili m'mwamba, tonde akumudya jekete.